Mtsikana Wosamva Njala

Patience ankagulitsa mbatata ya kachewere pa Chimbiya, ndipo anzake a m'mbali mwa msewu ankamudziwa ndi chinthu chimodzi: sankamva njala. Iwo akamakukuta chimanga chowotcha masana, iye ankangokhala phee, atadzikulunga m'chitenje, maso ali achikasu. Kuzizira kwa Juni kukafika, mafupa ankamuphwanya mpaka kulephera kunyamula ndowa.

Chaka cha chisankho cha zipani zambiri, Ignasio, wocheka matabwa m'Phiri la Dedza, anamufunsira mbeta. Koma azakhali ake a Ignasio atamuona mtsikanayo, anapukusa mutu.

"Kuwonda kumeneku n'kwa matenda abwerawa," anatero. "Iwe ukufuna kukwatira maliro?"

Mphekesera inafika pamsika, ogula ena n'kumalambalala mulu wa mbatata wa Patience. Amayi ake, a Agnesi, anamutengera kuchipatala cha mishoni, kumene adokotala, a Gerevazio, anamuyeza magazi.

"Si Edzi iyi, mayi," anatero a Gerevazio. "Ndi matenda obadwa nawo. Tizigawo ta magazi ake n'topindika ngati chikwakwa. Timatseka mitsempha, thupi n'kumatupa m'kati. Thupi likatupa choncho, timadzi timene timauza munthu kuti ali ndi njala timasokonezeka."

"Nanga mankhwala ake?"

"Ochiziratu palibe. Azifunda, azimwa madzi ambiri, malungo muziwathamangira msanga. Ndipo azidya nthawi ikakwana, asamadikire kuti mimba imukumbutse."

A Agnesi anatenga kalata ya kuchipatala kukawaonetsa azakhali aja. Iwo anaiwerenga mpaka pansi, n'kuibweza.

"Ngati ndi za kumtundu, ndiye zanyanya. Mwana wathu adzabereka zotani?"

Ignasio sanaonekenso. Anthu atakolola, anakwatira mtsikana wa ku Mphunzi. Patience anamva nkhaniyo akupanga milu ya mbatata, ndipo anaimaliza yonse asanapite kukalira kuseri kwa magolosale.

Kumeneko anamupeza a Zuleika, mwini golosale imodzi. Sanamufunse zambiri. Anangomuuza kuti azigulitsira pakhonde pawo, pomwe mphepo siwomba. Kuyambira tsikulo, iwo akatsiriza swala, pemphero lawo la Chisilamu la masana, ankatulutsa mtedza ndi nthochi n'kukhala naye pambali.

"Sindikumva njala, amayi."

"Ndani wakufunsa? Tafuna."

Patience ankatafuna ngati akugwira ganyu. Sananenepe, ndipo ululu sunathe. Koma Juni wotsatira anagona m'chipatala masiku atatu okha, osati ambiri ngati zaka zam'mbuyo, lachinayi anali pakhonde paja akuitanira a m'minibasi.