Njira ya Pamchenga

"Vula chikhothi chimenecho, Eluned," anatero Islwyn ataima pakhomo. "Kumanda kumapita amuna okha. Unabadwira pa Glanyfferi pompano, mwambo ukuudziwa."

Eluned anapitiriza kumanga mabatani. Mchimwene wakeyo anali atafika dzulo lake pa sitima yochokera ku Cardiff, nsapato zikuwala ngati za mkwati.

"Achimwene, nyengo yozizira yonseyi amene ndinkatembenuza bambo pabedi ndine. Wowamwetsa msuzi ndine. Ndiye lero nditsale, ndizidula buledi?"

"Ukufuna akulu a mpingo atiseke? Anthu pobwera kumanda adzafuna tiyi."

"Tiyiyo tsalani muphike inuyo, nsapato zanu zingade."

Azakhali awo anatsokomola kukhitchini. Panja amuna anali atanyamula kale bokosi la bambo awo, Talfryn, munthu amene anakalambira pa ntchito ya njanji. Moyo wake wonse ankayenda m'mbali mwa mtsinje wa Tywi, nyundo ili paphewa, nyimbo ya Mulungu ili pakamwa, m'masiku amene sitima zamalasha zinkadzutsa mudzi tambala asanalire.

Eluned anawatsata mpaka pampanda. Pamenepo Islwyn anamugwira dzanja.

"Chonde, mlongo wanga. Bambo ndinawathawa ali moyo. Ndilole ndiwaike bwino."

Eluned anaima. Anayang'ana zipewa zakuda zikukwera msewu wakumtunda wopita kumanda a ku Llanismel mpaka zinabisika. Kenako anabwerera m'nyumba, natenga mpeni.

Posakhalitsa chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa Marged, mayi wachikulire amene ankakumba nkhono mumchenga wa pomwe mtsinje umathirira m'nyanja n'kumazisenzetsa bulu. Kumbuyo kwake kunali anzake a ntchito yomweyo, masiketi atawakwinyira m'chiuno.

"Mwana iwe, buledi ameneyo wakulakwira chiyani? Ukumudula ngati nkhuni."

Eluned anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatuluka.

"Pukuta nkhope," anatero Marged. "Madzi a m'nyanja aphwa, mchenga uli poyera. Amunawo akuzungulira kumtunda ndi katundu wolemera, ndipo theka la iwo mawondo anatha kale. Ife tikadzera pamchenga tikafika iwo asanatsegule buku la nyimbo."

"Marged, mwambo!" anakuwa azakhali aja.

"Mwambo wapamsewu umenewo, mayi. Mchenga ndi wathu, sanatilamulirepo munthu. Kodi m'mawa uja wa tsiku lachitatu, amene anayamba kufika kumanda a Ambuye anali akulu a mpingo?"

Azakhali anatenga mpeni uja m'dzanja la Eluned.

"Pita. Ukabwere ketulo isanawire kachiwiri."

Pakati pa mudzi ndi mchenga pamadutsa njanji, ndipo pamene akazi amawolokera imakhota kuseri kwa thanthwe, moti sitima siyioneka mpaka itafika. Kutsidya kwake mchenga unali mbee, wonyowa, ngati njira imene Mulungu anatsegulira ana a Israyeli. Eluned anakankha kachitseko kachitsulo mwaliwiro, koma Marged anamukoka chikhothi.

"Dikira. Maliro amodzi akwana."

Mayi uja anagwada movutikira, mafupa akulira, naika chikhatho pa njanji. Anatsinzina ngati akupemphera.

"Mukutani, mayi?" anafunsa Eluned motsitsa mawu.

"Sitima imayamba kumveka m'chitsulo, makutu asanaimve. Bambo ako ankatero. Madzi akangophwa tinkawapeza pano atagwada, kaya kuli mvula kaya chisanu, ngakhale sinali ntchito yawo. Zaka zonsezo sitinatayepo ngakhale bulu."

Eluned sankadziwa zimenezi. Anagwada pambali pa Marged, naika chikhatho chake pa chitsulo chozizira chija. Anakhala chomwecho kanthawi, akumvetsera.

"Kuli bata," anatero Eluned. "Wolokani, amayi."

Sanachotse dzanja mpaka womaliza atawoloka.