Wotchi Yodya Thukuta

Kalata ya woyendera sukulu inali yaifupi. Inati iye atafika ku Iponga Lachinayi m'mawa, nthawi yoyamba maphunziro itadutsa kalekale, anapeza ana akuthamangitsana pabwalo, mbendera isanakwezedwe, nyimbo ya fuko isanayimbidwe. Adzabweranso mwezi womwewo osanena tsiku, ndipo akadzapezanso zomwezo a Gray Namaona adzatsika pa uhedi. M'chaka cha 1977 nkhani ya mbendera sinali yochita nayo nthabwala.

Chowawa n'chakuti sukulu inayamba kuchedwa a Namaona atagula wotchi. Kale ankaliza belu, chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo wa mango, pongoyang'ana mthunzi wa khonde, ndipo sanalandirepo kalata. Tsopano anali ndi wotchi yatsopano yonyezimira, yosapukusa, yoyenda yokha, imene anagula kwa munthu wochokera kutsidya kwa Songwe. Ankaitchera Lamlungu potsata wailesi, popeza ndi tsiku lokhalo limene ankalola kuti mabatire adyeke. Pofika Lachinayi wotchi inkakhala ili m'mbuyo ngati ng'ombe yotsimphina.

Si kuti sankaisamala. Ankaivala pamzere wa m'mawa pokha, mkono uli chiwongolere kuti ingagundike. Akalowa muofesi ankaivula, kuikulunga m'thonje, n'kuitsekera m'kachitini, kuopa fumbi la choko, ngakhale kuti choko anali atasiya kuchigwira chilandirire uhedi.

Poyamba anaimba mlandu kutentha kwa ku Karonga, pakuti munthu wa ku Thyolo chilichonse amanamizira kutentha. Anaika kachitini pafupi ndi mtsuko wa madzi. Sizinathandize. Wina anawauza kuti wailesi ili ndi maginito okoka mivi, ndiye anasamutsira wailesi kuchipinda. Anaigogodanso pang'ono ndi chala, nayiyankhula mawu awiri atatu. Wotchi inangopitiriza ulesi wake.

Loweruka ananyamula kachitini kupita ku boma, kwa a Manase Mwakikunga, fundi wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. A Manase anatsegula kumbuyo, nayang'ana ndi galasi la diso limodzi nthawi yaitali.

"Saa iyi ilibe matenda yayi, bwana hedi. Imakhala kuti?"

"M'chitinimo."

"Nanga pamkono?"

"M'mawa, mphindi khumi. Koma sindiigwedeza, ndimasamala kwambiri."

A Manase anachotsa galasi lija, nawaonetsa kachitsulo kooneka ngati theka la mwezi. "Aka kamazungulira mkono ukamayenda, ndiye kamapukusa saa. Mkono ukakhala, saa imafooka, imagona, n'kudzuka mukainyamula. Pole, pepani bwana. Saa iyi ili ndi njala chomene. Ikufuna mkono wogwira ntchito."

"Ine ndine mphunzitsi wamkulu," anatero a Namaona.

"Ndi zimene ndikunenazo," anayankha a Manase, natseka wotchi.

Lolemba a Namaona anaivala tsiku lonse, koma mkono wa hedi ulendo wake ndi wochoka pa chidindo kufika pa kapu ya tiyi. Lachiwiri anatseka chitseko cha ofesi nayamba kupukusa mkono m'mwamba ndi pansi. Aphunzitsi anawaona pawindo, ndipo nkhani inamveka kuti a hedi akuphunzira gule woti akavine kumsonkhano wa chipani. Madzulo phewa linatupa. Anakhala pakhonde mantha atawagwira ndithu, akuganiza za manyazi obwerera m'kalasi pansi pa munthu wina.

Akazi awo, a Bessie, anali akupeta mpunga pabwalo. Anamvetsera dandaulo lonse osaleka kupeta.

"Bweretsani kuno, abambo a Towera."

"Mudziwa kuisamala inu?"

"Kusamala kwanuko ndi kumene kwaipha."

A Namaona anafuna kukana, koma phewa linawayankhira. Anatulutsa wailesi pakati pa sabata, chinthu chosachitika, natchera wotchi, naimanga pamkono wa akazi awo. Palamba anachita kubowola bowo lina ndi msomali.

Kuyambira tsiku limenelo wotchi inaona dziko. Inasesa bwalo, inatunga madzi kuchitsime, inawaza nkhuni, inachapa malaya oyera a hedi, inapita kumunda wa chinangwa n'kubwera itasenza mtolo. Lamlungu atatsegula wailesi, mivi inagwirizana ndi woulutsa mawu ndendende. A Namaona anayang'ana wotchi, nayang'ana wailesi.

Woyendera sukulu anabwera Lachitatu la sabata yotsatira, m'mamawa, naimika njinga yamoto patali kuti isamveke. Anaima pansi pa mango, maso pa wotchi yake. A Namaona anaima pambali pa belu, chogogodera chili m'manja, mkono uli wopanda kanthu, thukuta likutsika m'khosi. Woyenderayo anaona mkonowo, natulutsa cholembera.

Hafu pasiti seveni itangokwana, kunamveka mawu kuchokera kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, kumene mtondo unali kulira.

"Abambo a Toweraaa! Yakwana!"

Belu linalira. Ana anathamangira pamzere, mbendera inakwera, nyimbo inayimbidwa mpaka ndime yomaliza. Woyendera sukulu anayang'ananso wotchi yake, nagwedeza mutu, nalemba mzere umodzi m'buku.

"Uhedi wanu ulipo, a Namaona. Koma anafuula aja ndani?"

"Akazi anga, bwana."

"Oho. Amagwira ntchito?"

Funso limeneli a Namaona anali ataliyankha zaka khumi ndi ziwiri, pamapepala a boma ndi pakamwa, ndipo yankho linali limodzi: ayi, amangokhala pakhomo. Anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo a Bessie anadutsa m'mphepete mwa bwalo, ndowa ili pamutu, mtolo wa zochapa m'khwapa, wotchi ikung'anima pamkono wotuwa ndi gaga.

Manyazi anawagwira a Namaona, oposa amene ankaopa aja. Woyendera sukulu anadikira yankho, cholembera chili m'mwamba, mpaka anatopa, natseka buku lake.