Masamba a Mumsewu

Kwawo ankamutcha Madigiri. Dzinali analiyambitsa ndi mlongo wake m'chaka chachiwiri cha ulova, atamupeza akuyeza ndi tepi kabwalo koyanikapo zovala. Zaka zinayi anaphunzira zojambula ndi kukonza minda ya maluwa, koma munda wake wokhawo unali chitini cha pawindo, nachonso chinauma.

Mwayi unabwera ndi Adokotala, mayi wopuma pantchito, mwini nyumba ya bwalo lalikulu ngati la mpira. Anamuuza kuti akonze kaye kutsogolo kokha, akakhutira amupatsa bwalo lonse. Atatero ananyamuka kukacheza kwa mwana wawo.

Pulani ya Madigiri inadzaza mapepala khumi ndi awiri. Njira ziwiri za timiyala toyera zinapingasana pakati, n'kusiya zigawo zinayi zofanana ndendende, chilichonse chozunguliridwa ndi kampanda ka zitsamba kometedwa bwino, kolekeza m'mawondo. M'zigawomo sanadzalemo duwa ngakhale limodzi, ndipo nzeru yake yonse inagona pamenepo. Inali nyengo imene mitengo imayoyola masamba, ndipo mitengo inayi ya Adokotala inkagwetsa ofiira ndi achikasu. Akadzaza m'zigawomo, ankati, aoneka ngati makapeti anayi. Pa pepala lachisanu ndi chiwiri analemba, m'chizungu cha kukoleji, kuti masamba asasesedwe.

Kwa masabata atatu masamba anaunjikana bwinobwino. Tsiku loti Adokotala abwere kudzaona ntchito, Madigiri anafika m'mawa atavala nsapato zatsopano. Anapeza pansi pali mbee, mizere ya tsache yokhayokha. Pakona pankafuka utsi. Mdala wosamalira bwalo, amene anali patchuthi nthawi yonseyo, anaima chotsamira tsache, thukuta lili kamukamu.

"Mwadzuka bwanji, mwanangu? Ndinamva kuti mayi akubwera lero, ndiye ndalawira. Zinyalala zinali mbwee, ngati panyumba pothawidwa."

"Mwawotcha onse, bambo?"

"Olo limodzi simulipeza," anatero Mdala monyadira.

Madigiri anayang'ana wotchi. Kunatsala maola atatu. Anatenga matumba m'galaja n'kutuluka pageti. Kumsewu waukulu kunali mitengo yomwe palibe ankaisesera, koma inali pamalo penipeni podikirira basi. Anawerama pamaso pa anthu onsewo n'kuyamba kuwola masamba ndi manja.

"Asisi," anatero mayi wina wogulitsa zipatso, "khonsolo yayamba kulemba anthu ovala chonchi? Mundiuzeko, nane ndili ndi suti kunyumba."

Madigiri ananyamula matumba asanu, ulendo uliwonse limodzi. Mdala anangomugwirira thumba pamene iye ankayala masamba m'zigawo, ofiira m'mbali, achikasu pakati. Atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Zinali zokongola kuposa pa pepala, moti anayamba kukonza mumtima mawu odzichepetsa oti ayankhe akamayamikiridwa.

Adokotala anatsika m'galimoto, anayenda pang'onopang'ono panjira ya timiyala, akugwedeza mutu. Pamphambano anaima, anawerama, natola tsamba limodzi.

"Mitengo iyi ndinadzala ndi malemu amuna anga zaka makumi atatu zapitazo. Masamba ake ndi otambalala ngati chikhatho. Nanga ili, lalitali ngati lilime la galu, lachokera kuti?" Anaweramanso. "Ndi tikiti ya basi iyi. Mitengo yanga yayamba liti kubala matikiti?"

Madigiri, amene pamayeso a mitundu ya mitengo anakhoza kuposa kalasi yonse, anaulula zonse. Pomaliza anawonjezera ndi mawu apansi kuti nkhani ya kusesayo anailemba pa pepala lachisanu ndi chiwiri.

"Munalembera ndani?"

"Inu, mayi."

"Ine munandionapo nditagwira tsache pano?"

Mdala anatsokomola n'kuyang'ana kumbali.

"Mizere yanu ndaikonda," anatero Adokotala. "Koma bwalo ili mwini wake ndi bambowa, ine ndimangoliona pawindo. Afotokozereni pulani yanu. Akavomera iwo, ntchito yonse ndi yanu." Analowa m'nyumba tikiti ija ili m'manja.

Madigiri anayala mapepala pa wilibala n'kufotokoza, ulendo uno m'chilankhulo cha anthu. Mdala anamvetsera mpaka kumapeto.

"Maganizo ndi abwino, mwanangu. Koma mphepo ya pano imalowera kugeti, ndipo imayamba mwezi wamawa. Kampanda ka m'mawondoka sikangaigwire. Makapeti anu onse mudzawapeza pakhomo la galaja."

M'mapepala khumi ndi awiri monse munalibe mphepo.

"Ndiye titani, bambo?"

"Mbali ya kugeti tisiye kumeta, kafike m'chiuno. Ine ndizisesa m'njira mokha. Zimenezo ndavomera." Anatola thumba lopanda kanthu n'kumupatsa. "Koma amumsewuwa abwerere kwawo kaye. Anawabweretsa ndani?"

Madigiri anavula nsapato, naziika pa wilibala, n'kulowa m'chigawo choyamba.