Puloti ya Kumapeto kwa Ngalande

Puloti yanga ndi yomaliza pa ngalande ya sikimu yathu ya mpunga, kumunsi kwa Songani. Madzi ochokera kuphiri amadutsa m'mapuloti makumi anayi asanandipeze, ndipo akafika amangonyowetsa mapazi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikulalata za zimenezi, mpaka anandipatsa dzina loti Mayi Wailesi.

Chaka chatha kunabwera a Warda, mtsikana wofufuza za nthaka wochokera m'tauni ya Zomba, natapa dothi ndi mpunga m'timatumba. Atabweranso ndi zotsatira, tinasonkhana pa shedi ya sikimu.

"M'dothi la sikimu yonse muli chitsulo chapoizoni, dzina lake kadimiyamu," anatero. "Chikachuluka m'thupi chimawononga impso ndi mafupa. Koma mpunga umachiyamwa kwambiri munda ukauma pa nthawi yotulutsa ngala. Mapuloti atatu akumapeto ndiwo apyola muyeso. Sinditchula maina."

Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Maina anali achiyaninso?

Komabe ndinaimirira mtima uli m'malo. "Mwadzimvera nokha, a Tobias? Mankhwala ake ndi madzi. Tipatseni masiku awiri pa sabata, ife akumapeto."

A Tobias ndi wapampando wathu. Puloti yawo ndi yoyamba, achule amaswana mmenemo chaka chonse. Anavula chipewa, nakanda pamutu.

"Achemwali, mwalankhula bwino. Koma ogula a ku Chinamwali akamva zoti mpunga wathu uli ndi poizoni, tonse tagwa. Nanga tiwonongerenji madzi pa mpunga wosadyeka? Atatuwa ayambe apuma kaye."

"Sindinanene choncho, bambo," anatero a Warda. "Ndati muwawonjezere madzi."

"Inu mwagwira ntchito yanu, mayi, zikomo. Zotsalazi n'za komiti."

"Poizoniyo alinso m'dothi mwanu!" ndinakuwa. "Kusiyana kwake n'koti inu mumasamba madzi anga!"

"Tachepetsani voliyumu, Mayi Wailesi," anatero wina kumbuyo. Anthu anaseka.

Anavota pokweza manja, kuvomereza zoti atatufe tipume. Mlamu wanga Oliver, amene puloti yake ndi yachinayi kuchokera kumapeto, anakweza lake akuyang'ana pansi. A Warda analemba zinazake m'kope, nakwera galimoto.

Lolemba lake anatseka ngalande ndi matumba a mchenga, pamalire a Oliver. Mbande zanga zinali zitafika kale poti ndiwokere. Zinauma pasanathe sabata ziwiri, ndinazipatsa mbuzi.

Tsopano womaliza pa ngalande ndi Oliver. Dzulo ndinamupeza ataima m'puloti mwake, mpunga ukutulutsa ngala, dothi litang'ambika moti chala chimalowa.

"Alamu," anatero, "a Warda akubweranso mwezi wamawa ndi timatumba tawo. Mukandithandize kulankhula ku msonkhano. Inu pakamwa mumatha."

"Msonkhano ndi wa alimi a mpunga," ndinamuyankha. "Ine ndimalima nandolo."