Diso Lalitali la Tobiasi

"Tengani, alamu. Nyamulani ndi chikwama chake chomwe," anatero Violeta osacheuka n'komwe, akukolezera moto woyaka kale.

Linali tsiku lachitatu chiikireni mwamuna wake m'manda. Tobiasi anali mkamwini pamudzipo, choncho mkulu wake Jeremiya anabwera kudzatenga katundu wa malemu. Katundu wake uti? Jekete limodzi, njinga yopanda mabuleki, ndi makina ojambulira a diso lalitali ngati mkono wa mwana, amene anabwera nawo kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi.

"Ku Entre Lagos ogula sangasowe," anatero Jeremiya.

"Ngakhale mukaponye m'nyanja ya Chiuta, zanu zimenezo."

Violeta ankadana nacho chinthucho kuchokera pansi pa mtima. Pobwerera kwawo nkhondo itatha, iye anasenza mphasa ndi miphika, mwana wawo Yunike ali kumsana, pomwe bambo ankatsalira m'mbuyo kuloza anthu ndi chimfuti chake chosaliracho, mpaka mayi wina anadzigwetsa m'ngalande poyesa kuti zayambanso. Tobiasi ankajambula ali patali, mozemba. Ankati munthu akadziwa kuti akujambulidwa, nkhope yake imathawa. Anajambula asodzi akulimbirana bwato, anajambula a Bwanausi akuwodzera pakhomo la mzikiti, dera lonse analimaliza. Koma mkazi wake, zaka khumi ndi zinayi, ngakhale chithunzi chimodzi!

Tsiku lina Violeta anavala kapulana watsopano, n'kudzola mafuta, n'kukaima nji patsogolo pake.

"Mukaima chonchi si inu," anatero Tobiasi.

"Nanga ine ndi uti?"

Mwamunayo anangoseka n'kukakhala pachitsa chake pansi pa mtengo wa mango. Chiyambireni tsiku limenelo Violeta sanapemphenso, koma sanaiwale.

Tsopano Jeremiya anaika makinawo padiso. Analoza kunkhokwe, analoza kumsewu.

"Chinafa kale ichi. Zonse zili mbuu ngati utsi. Mphete yotembenuza iyi anaimanga ndi mphira wa njinga, sikuyendanso." Anatsegula kumbuyo kwake. "Ndipo mulibe ndi rolo wa filimu yemwe."

"Rolo anatha mvula isanagwe," anatero Violeta. Kenaka anaima, chikuni chili m'manja. "Dikirani. Ndiye miyezi yonse ija ya matenda, pachitsa paja ankajambula chiyani?"

Jeremiya anangotukula mapewa.

Mkwiyo unamukwera Violeta mpaka m'makutu. Iye kulima yekha, kutunga madzi, kumuphikira phala, pomwe munthu wamkulu ndi ndevu zake akuseweretsa chigoba! Anatsomphola makinawo m'manja mwa mlamu wake n'kulunjika kuchitsa kuja, cholinga akawaphwanyire pomwepo, pamalo pa ulesi wake. Atafika anakhala pachitsapo. Pofuna kudziwa chimene chinkamupusitsa munthu uja, anaika diso.

Mbuu. Anasuntha pang'ono, mbuu. Kenaka mwadzidzidzi chilichonse chinayera: khomo la khitchini yake, mtondo wake ndi mng'alu wake womwe, ndi mwala umene iye amakhalapo posankha nyemba. Pabwalo lonselo, malo okhawo ndiwo ankaoneka bwino. Matenda atayamba kumunjenjemeretsa manja, Tobiasi anamanga mpheteyo pa mtunda umodzi basi.

Nthawi yomweyo Yunike anatuluka m'khitchinimo n'kukhala pamwala paja. Sankadziwa kuti wina akumuona. Anakanda chigongono, analuma mlomo wam'munsi, n'kumwetulira yekha pa zimene ankadziwa mwini wake. Nkhopeyo inali pafupi zedi, yoti n'kuipukuta ndi chala. Violeta anali asanamuonepo mwana wake chotero.

Jeremiya anafika, mpeni uli m'manja. "Bweretsani ndidule mphirawo, mwina chingagwire."

"Musadule."

"Si mwanena nokha kuti titenge, mlamu?"

"Tengani njinga ndi jekete. Ichi sichichoka pano."

Jeremiya anayamba kunena za mwambo, koma ataona nkhope ya mlamu wakeyo anabweza mpeni m'thumba n'kupita kukayang'ana matayala a njinga.

Violeta anayeza ndi maso mtunda wochokera pachitsa kufika pamwala. Sunali wautali.

"Amantha inu," ananong'oneza malemu mwamuna wake mwaukali. "Apa ndi apo pokha, munalephera kubwera kudzandiuza?"

Mfundo ya mphirayo inali itayamba kumasuka. Anaikoka ndi mano, n'kuimangitsa.