Zitsamba za ku Halvor

M'mudzi wa Halvor sitolo inatsekedwa kalekale, sukulu nayo anaigwetsa, koma aliyense ankadziwabe kuti apa panali khomo la yani. Amayi oyamba kufika kuno ankabzala chitsamba cha maluwa ofiirira pakhomo, ndipo nyumba zitagwa, zitsambazo zinatsala. Polima, thalakitala inkazilambalala. Panalibe wouza mnzake zimenezi, zinkangodziwika.

Mawondo atayamba kuvuta, a Orval Tveit anabwereketsa munda wawo kwa Darrel, mlimi wochokera kutsidya kwa mtsinje. Anamuonetsa malire, chitsime, ndi pamene madzi amadikha. Za zitsamba sanaganizeko n'komwe.

Tirigu atamera, a Orval anapita kukaona. Mizere inali yowongoka kuchokera kumsewu mpaka kumpanda.

"Ndakuchotserani zitsamba zija, bambo," anatero Darrel monyadira. "Zimangodya malo."

A Orval anavula chipewa, n'kuchivalanso. Mwana wa eniake sanalakwe, akanadziwa bwanji? Analowa m'mundamo kufunafuna pamene panali chitsamba cha pakhomo pomwe anabadwira mayi awo. Anayenda uku, n'kubwerera uku, kenaka anavulanso chipewa n'kungoima nacho m'manja pakati pa tirigu, osadziwa ngati ndi pomwepo.