Chambo cha pa Chitseko

Mayi Edina anali atangotula beseni la nsomba pa loji ina kufupi ndi Chipoka pamene maso awo anagwera pa tebulo la m'bala. Ha! Thabwa lakuda la mlombwa, mtanda pakati, chambo chosema m'munsi mwake. Chitseko cha tchalitchi chawo chenicheni, botolo la mowa lili pamutu pa chambocho!

Anachisema ndi bambo awo, malemu a Yakobo, kale ansembe achizungu akumangitsa tchalitchicho. Abambo ankaumba njerwa, amayi akusenza madzi kuchokera kunyanja. Makoma anatuluka okhuthala mkono wathunthu, mazenera opindika pamwamba ngati uta, moti ngakhale mu Okutobala m'kati mumazizira. A Yakobo anapereka mtengo umene ankasungira bwato lawo. Kuyambira pamenepo msodzi aliyense polowa ankayamba wakhudza chambocho, kenako n'kuchita chizindikiro cha mtanda, mpaka mamba ake anasalala ndi zala za anthu.

Chaka chatha, pokonza tchalitchi, anaikapo chitseko chachitsulo. Wapampando wa komiti anali Innocent, mwana woyamba wa Mayi Edina.

"Chakale chija chagwidwa chiswe, amayi," anatero. "Tachitumiza ku Lilongwe akachithire mankhwala. Chibwera."

Amayi a m'mphakati wa kutchalitchi atayamba kung'ung'udza, anawakalipira ndi Mayi Edina omwewa. "Mwana wanga sanama!" Anachita kudziguguda pachifuwa, anthu akuona.

Tsopano, ali m'bala muja, anafunsa woperekera zakumwa. "Achimwene, tebulo ili munalipeza kuti?"

"Anatigulitsa ndi apampando a kutchalitchi, a Innocent. Akuti linkangowola."

Mayi Edina anagwada, n'kupapasa kunsi kwa thabwalo. Ngakhale kabowo kamodzi ka chiswe! Mtima unawawa koopsa. Anachotsa botolo lija, napukuta chambocho ndi nsonga ya chitenje, n'kumapita osatsanzika.

Lamulungu, Mayi Edina anamupeza Innocent pakhomo la tchalitchi, ali mu suti, akulonjera akhristu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Iwe, ku Lilongwe kwako kuja ndafikako. Mankhwala ake ndawaona, amathira a m'botolo."

Innocent anangoti zyoli, maso pa nsapato. Kenako ananong'ona, "Denga linkadontha, amayi. Malata tikanawatenga kuti?"

"Ukanandiuza! Ndikanalira, n'kutonthola. Koma wandinamiza, ine n'kukanamiza anzanga, pa thukuta la agogo ako. Iwe amene ndinakubereka kumsana, ukumakhudza chambo chija ndi kadzanja kako tikamalowa?"

Belu linalira pansanja. Anthu anayamba kulowa, Mayi Edina nawonso anasendera. Dzanja lawo linakwera lokha monga mwa masiku onse, n'kugunda chitsulo chotentha ndi dzuwa. Analibweza msanga.

Tsiku limenelo Misa anaimvera panja, atatsamira khoma la njerwa, mawu a wansembe akutulukira pazenera.